Kachotupa kosapweteka m'kati mwa mlomo: momwe mungakazindikirire

Lilime ndilo limayamba kudziwa. Munthu ali phee, lilime n'kukhudza kanthu kofewa m'kati mwa mlomo wam'munsi pomwe dzana panalibe chilichonse. Sikakupweteka, sikakuyabwa, koma kuyambira pamenepo lilime silipumanso, limangobwerera pomwepo. Ena amati poti sikakupweteka ndiye kuti palibe vuto, n'kukasiya miyezi ikupita. Ena tulo timawathawa poganiza kuti ndi khansa kapena matenda opatsirana pogonana. Onsewa akuweruza mlandu ndi mboni yosadalirika, chifukwa m'kamwa ululu suuza munthu kukula kwa vuto. Tizilonda toyera tozungulira tija, tokhala ndi mkombero wofiira, timapweteka mpaka munthu kulephera kudya ndiwo zamchere, koma nthawi zambiri timapola tokha pasanathe masabata 2. Zosapweteka ndiye zili mitundumitundu. Zambiri mwa izo n'zosaopsa ngakhale pang'ono, komabe chindoko, khansa yotchedwa Kaposi sarcoma ndiponso khansa ya m'kamwa nazonso zimayamba mwakachetechete chomwecho. Chimene chimathandiza kusiyanitsa ndi malo amene chotupacho chili, kufewa kapena kulimba kwake, mtundu wake, ndi mmene chikusinthira masiku akamapita.

Tiyambe ndi zimene munabadwa nazo. Mukayendetsa lilime mofatsa m'kati mwa mlomo wam'munsi, mumva timibulu tambirimbiri pansi pa khungu lofewalo. Amenewo si matenda, ndi tiziwalo topanga malovu. Kuwonjezera pa ziwalo zikuluzikulu za malovu zimene zili kutsogolo kwa makutu, pansi pa chibwano ndi pansi pa lilime, munthu ali ndi tiziwalo tina pakati pa 600 ndi 1,000 tomwazikana m'milomo, m'masaya ndi kumwamba kwa m'kamwa. Kalikonse n'kokula ngati milimita 1 kapena 2, ndipo kali ndi kanjira kakekake kotulutsira malovu. Mutha kutiona tikugwira ntchito. Pindani mlomo wam'munsi muli pagalasi, muupukute ndi kansalu koyera, mudikire pang'ono. Muona timadontho tonyezimira tikutuluka apa ndi apo, ndipo kadontho kalikonse kakuonetsa pamene kanjira kamodzi katulukira.

Palinso timadontho tachikasu kapena toyerera, tating'ono ngati milimita 1 mpaka 3, timene timaoneka m'magulumagulu m'mphepete mwa mlomo wam'mwamba ndi m'kati mwa masaya, makamaka mukakoka khungu kuti likungike. Madokotala amatitcha Fordyce spots, potengera dzina la John Addison Fordyce, dokotala wa khungu wa ku America amene anatifotokoza mu 1896. Ndi tiziwalo ta mafuta, tofanana ndi timene tili pakhungu la nkhope, tangopezeka pamalo opanda tsitsi. Akuluakulu ambiri ali nato, ndipo timayamba kuoneka bwino munthu akatha msinkhu. N'chifukwa chake achinyamata ambiri amatizindikira pa nthawi yomwe ayamba zibwenzi n'kuyamba kudzikayikira. Sitipatsirana, sitisanduka khansa, ndipo sitifuna mankhwala. Kutifinya kumangobweretsa chilonda pamalo pomwe panali bwinobwino.

Chotupa chimene chimapezeka kwambiri

Munthu wachinyamata kapena mwana akabwera ndi kachotupa kamodzi kofewa, kosapweteka, m'kati mwa mlomo wam'munsi, chinthu choyamba chimene wa mano amaganiza ndi mucocele. Mucocele imayamba kanjira ka malovu kaja kakaduka kapena kuphwanyika. Kachiwalo kopanga malovu sikadziwa kuti njira yawonongeka, kamangopitiriza ntchito yake, ndiye malovuwo amakhuthukira m'kati mwa mnofu wa mlomo n'kudikha pamenepo. Thupi limawazinga ndi minyewa yopyapyala, ndipo pamatuluka thuza lozungulira. Nthawi zina, makamaka kwa achikulire, kanjirako sikaduka koma kamangotsekeka, malovu n'kumadzazana m'kati mwake.

Chimene chimaphwanya kanjirako kawirikawiri ndi dzino. Kudziluma podya mothamanga, chigongono cha mnzako pa mpira, kugwa pa njinga, dzino lobenthuka lakuthwa, mawaya owongolera mano, kapena chizolowezi chotafuna mlomo munthu akamaganiza kwambiri, monga amachitira ophunzira ambiri nthawi ya mayeso. Ana ena amadziluma kwambiri akangochokera kozulitsa dzino, mlomo udakali dzanzi. N'chifukwa chake mucocele imakonda mlomo wam'munsi, cham'mbali pang'ono, pamene dzino losongoka lam'mwamba limafikira. Anthu ambiri sakumbukira n'komwe tsiku limene anadziluma, chifukwa thuzalo limatha kutuluka patapita masiku.

Kaonekedwe kake n'kosavuta kukagwira mukakadziwa. Ndi kosalala, kozungulira, ndipo mukakadina ndi chala kamamveka kuti m'kati muli madzi. Kakakhala pafupi ndi khungu kamawala ngati mukuona za m'kati, nthawi zina kobiriwira pang'ono. Kakakhala pansi kwambiri kamangofanana mtundu ndi mlomo wonse. Ambiri sapitirira sentimita imodzi. Koma chizindikiro chimene ndimachiona chofunika kuposa zonse ndi khalidwe lake: mucocele imakula, kuphwa, n'kukulanso. Tsiku lina mukudya imaphulika, m'kamwa n'kumveka madzi onanda ngati therere, okhala ndi kamchere pang'ono. Mlomo umasalala kwa masiku angapo, munthu n'kuyesa kuti zatha, kenako thuza lija n'kubwereranso pamalo pomwepo. Zotupa za khansa kawirikawiri sizichita choncho. Zikayamba kukula sizibwerera m'mbuyo.

Kubwerera kumeneku ndi kumene kumachititsa anthu kutenga singano, pini kapena munga. Kuboola sikuthandiza, ndipo chifukwa chake n'choonekeratu: mwatulutsa madzi koma kachiwalo kamene kakuwapanga kadakali pomwepo, kanjira kake kadakali koduka. Khungu lam'kamwa limatseka msanga, ndiye pakangopita masiku ochepa malovu amadzazanso. Chimene mwawonjezera ndi tizilombo tochokera kusingano, komanso chipsera. Mucocele yobooledwa kambirimbiri imauma n'kusanduka kambulu kolimba koyerera, kovuta kukazindikira ngakhale kwa dokotala. Kutsegula kapisozi n'kuwazapo ufa wake n'kungotaya mankhwala, popeza palibe kachilombo kofuna kuphedwa. Kuikapo piritsi la aspirin kumawotcha khungu n'kusiya chilonda choyera. Phulusa, soda ndi spirit nazonso zimangopsereza. GV ali ndi ntchito yake pa matenda ena a m'kamwa, koma pano amangobisa mtundu weniweni wa chotupa, pamene mtunduwo ndi umene dokotala akufuna kuona.

Chofunika kuchita n'chochepa. Lekani kukaseweretsa ndi lilime ndi mano. Ngati pali dzino lakuthwa limene likukhula pamenepo, wa mano alisalaze. Kuchukucha madzi ofunda othira kamchere n'kwabwino thuza likaphulika, ngakhale kuti sikuchotsa gwero lake. Ma mucocele ambiri ang'onoang'ono, makamaka mwa ana, amatha okha. Ikakhala kuti yakula, ikusokoneza kudya ndi kulankhula, kapena yabwereza kangapo, imachotsedwa ndi kaopaleshoni kakang'ono munthu ali maso. Amabaya jekeseni wochititsa dzanzi pamlomo, wothandizira n'kugwira mlomowo m'mbali zonse kuti magazi asatuluke ambiri, dokotala n'kucheka pang'ono, kuchotsa kathumbako pamodzi ndi tiziwalo ta malovu toyandikana nako, kenako kusoka ndi ulusi. Kuchotsa tiziwaloto ndiye mwini nkhani, chifukwa tikasiyidwa thuza limabwereranso. Mlomo umatupa masiku ochepa, ena amamva dzanzi pamalopo kwa kanthawi, ndipo munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Chotupa cha mtundu womwewu chikatuluka pansi pa lilime chimatchedwa ranula. Chimachokera ku chiwalo chachikulu cha malovu ndipo chimatha kukula mpaka kukankha lilime m'mwamba kapena kutsikira m'khosi. Chimenecho n'chofunika katswiri, osati kudikira.

Tsopano mfundo imene anthu ambiri saidziwa. Zonse zimene ndanena za mucocele zokhazika mtima pansizi zikukhudza mlomo wam'munsi. Pamlomo wam'mwamba mucocele siionekaoneka. Kambulu kolimba, kosapweteka, koyenda pansi pa chala, kokula pang'onopang'ono m'kati mwa mlomo wam'mwamba wa munthu wamkulu, madokotala amakaganizira kuti ndi chotupa cha kachiwalo ka malovu mpaka atatsimikiza kuti sichoncho. Zambiri za pamlomo wam'mwamba sizikhala khansa, koma tikawerengera zotupa za tiziwalo ting'onoting'ono ta malovu m'kamwa monse, pafupifupi theka lake zimakhala khansa. Ndiye kambulu ka m'mwamba, kapena kotupa kumwamba kwa m'kamwa, kasamapatsidwe dzina la mucocele pongokayang'ana pagalasi.

Chinanso chimene chimabwera chifukwa chodziluma ndi fibroma. Imeneyi mulibe madzi. Ndi mnofu wa chipsera umene waunjikana pamalo olumidwalumidwa, kawirikawiri m'kati mwa tsaya pamzere umene mano amakumana, kapena pamlomo wam'munsi. Ndi yolimba, yosalala, yofanana mtundu ndi khungu lozungulira kapena yoyererako, ndipo siphulika kapena kuphwa. Imakula kufika pena pake n'kuima kwa zaka. Siopsa, koma siichoka yokha, ndipo ikamalumidwa pafupipafupi ndi bwino kuichotsa.

Zotupa zokhala ndi magazi

Thuza lakuda kapena lofiirira limene latuluka mwadzidzidzi mukudya, mwina mutadziluma kapena mutakandika ndi chimanga chokazinga kapena fupa la nsomba, nthawi zambiri ndi magazi amene atayikira pansi pa khungu. Limaphulika pasanapite nthawi, m'kamwa n'kumveka magazi, ndipo pamatsala kachilonda kosaya kopola m'sabata imodzi kapena ziwiri. Limodzi lokha silodetsa nkhawa. Koma matuza a magazi akakhala angapo, otuluka popanda kudziluma, limodzi ndi kamfuno, nkhama zotuluka magazi, mikwingwirima yosadziwika chiyambi kapena timadontho tofiira m'miyendo, ndiye kuti magazi angakhale akulephera kuundana. Pamenepo pitani kuchipatala tsiku lomwelo akayeze magazi. Amene amamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin achite chimodzimodzi.

Achikulire ena amakhala ndi kachotupa kofewa, kakuda mobiriwira, pamlomo wam'munsi, kamene kakhalapo zaka. Ndi kamtsempha kamene kafutukuka. Ana ena amabadwa ndi zotupa za mitsempha ya magazi, kapena zimaoneka adakali makanda. Pali njira yosavuta imene madokotala amayesera: amadina chotupacho ndi kagalasi koonekera n'kuyang'ana kudzera m'galasimo. Ngati magazi ali m'mitsempha, amathawa, malowo n'kuyera, ndipo mukachotsa galasi mtundu umabwerera pang'onopang'ono. Chotupa chochita choncho chisabooledwe ngakhale pang'ono, ndipo asatemepo mphini, chifukwa magazi ake amavuta kuleka. Amayi oyembekezera nawo amatha kutuluka kanyama kofiira kosachedwa kutuluka magazi, makamaka pankhama. Nthawi zambiri kamachepa akabereka, komabe kaonetsedwe kusikelo.

Njerewere zimameranso m'kamwa. Zimayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo zimazindikirika ndi pamwamba pake pokhakhala, poyera, nthawi zina pokhala ndi kaphesi. Imodzi yokha imangochotsedwa nkhani n'kutha. Pali mtundu wina umene makolo ayenera kuudziwa: mwana amatuluka timabulu tambiri tofewa, taphwatalala, tofanana mtundu ndi mlomo, m'kati mwa milomo ndi m'masaya. Amautcha matenda a Heck. Anafotokozedwa mu 1965 pakati pa ana a mtundu wa Navajo ku America, ndipo amayamba ndi HPV wa mtundu 13 ndi 32, wosiyana ndi umene umayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Amakonda kupezeka mwa ana a m'nyumba imodzi, ndipo ambiri amatha okha pakapita miyezi kapena zaka. Ndikutchula zimenezi chifukwa mabanja ayambanapo poganiza kuti mwana wachitidwa zoipa, pamene matendawa safalikira pogonana. Mwanayo aonedwe ndi dokotala, yemwe angasiyanitse mtundu umenewu ndi njerewere zina zofunika kufufuza bwino. Munthu wamkulu akatuluka njerewere zambiri m'kamwa, ayezetse HIV.

Kwa makanda, kathuza kapakati pa mlomo wam'mwamba kamabwera chifukwa choyamwa, ndipo timadontho toyera tolimba pankhama kapena kumwamba kwa m'kamwa timatha tokha m'masabata kapena miyezi yoyambirira. Musatipale ndi chikhadabo kapena kutikhula ndi nsalu.

Zosapweteka zimene sizofunika kudikira

Chindoko chimayamba ndi kachotupa kamodzi pamalo pamene kachilombo kake, Treponema pallidum, kanalowera. Ambiri amadziwa za kumaliseche kokha, koma kudzera m'kugonana m'kamwa kapena kupsompsonana ndi munthu amene ali ndi chilonda, malowo atha kukhala pamlomo kapena palilime. Chimaoneka patapita pafupifupi masabata 3, ngakhale zimatha kutenga kuyambira masiku 10 mpaka 90. Kachotupako sikachedwa kuphulika n'kukhala chilonda chozungulira, chosatuluka mafinya ambiri, cholimba m'munsi mwake mukachigwira, ndipo pansi pa chibwano pamatupa mwanabere wosapweteka. Msampha wake ndi uwu: chilondachi chimapola chokha pakapita masabata 3 mpaka 6, munthu n'kuthokoza mankhwala alionse amene anapakapo. Kachilombo kamakhala kalowa m'magazi. Pakapita masabata kapena miyezi pamatuluka zidzolo zosayabwa, ngakhale m'manja ndi kumapazi, komanso zigamba zotuwa zonyowa m'kati mwa milomo, zimene zimapatsirana kwambiri. Zikatero matenda amabisala zaka zambiri, n'kudzawononga mtima, mitsempha ndi ubongo. Kwa mayi woyembekezera, chindoko chimachititsa kupita padera, kubereka mwana wakufa kapena wodwala, ndipo n'chifukwa chake amayeza kusikelo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti matenda oopsa choterewa amachizika mosavuta. Kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi a pachala. Akadziwika msanga, jekeseni mmodzi wa benzathine penicillin amakwana. Akakhalitsa kapena ngati sizikudziwika kuti anayamba liti, amabaya katatu, kamodzi pa sabata. Wokondedwa wanu alandirenso chithandizo, apo ayi mudzangopatsirananso. Manyazi a mphindi zochepa m'chipinda cha dokotala sangafanane ndi zimene chindoko chimachita chikasiyidwa.

Kaposi sarcoma ndi nkhani yathu kwenikweni. Anaifotokoza koyamba Moritz Kaposi ku Vienna mu 1872, ndipo kachilombo koyambitsa, HHV-8, anakatulukira mu 1994 Yuan Chang ndi Patrick Moore. Kachilomboka n'kofala kwambiri kuno kwathu, ndipo ambiri amene ali nako sadwala. Chitetezo cha m'thupi chikatsika, makamaka chifukwa cha HIV, ndi pamene khansayi imatuluka. M'Malawi ndi m'Zambia ili m'gulu la khansa zopezeka kwambiri, makamaka mwa abambo, ngakhale yachepako chiyambireni ma ARV, amene boma la Malawi linayamba kupereka kwaulere mu 2004. M'kamwa imayamba ngati chigamba chofiira moderako kapena chapepo, chosatukuka, chosapweteka, kenako n'kutukuka kukhala mbulu wosachedwa kutuluka magazi. Malo ake okondeka ndi kumwamba kwa m'kamwa ndi pankhama, osati pamlomo penipeni, ndiye amene wapeza kanthu pamlomo ayasamule ayang'anenso m'mwambamo. Mukaidina ndi galasi kawirikawiri siyera ngati zotupa za mitsempha zija. Musaisokoneze ndi kuda kwachibadwa kwa nkhama, kumene ife akhungu lakuda ambiri tili nako: kumeneko kumakhala mbali zonse ziwiri, n'kosatukuka, ndipo kwakhalapo kuyambira ubwana. Chigamba chatsopano chapepo m'kamwa, makamaka ngati palinso mawanga akuda m'miyendo kapena phazi latupa n'kulimba, n'chofunika kuyezetsa HIV mosazengereza. Amene ali kale pa ma ARV akachionetse kumene amalandirira mankhwala osadikira tsiku lawo, chifukwa Kaposi ya m'kamwa nthawi zambiri imafuna mankhwala a khansa kuwonjezera pa ma ARV.

Khansa ya khungu la m'kamwa ndi pamlomo imayambanso mosapweteka, ndipo ululu ukamadzabwera imakhala yapita patali. Imatha kuyamba ngati chilonda chosapola chokhala ndi m'mphepete motukuka ndi molimba, kapena chigamba choyera chosachoka mukachipukuta, kapena chigamba chofiira chosalala, chimene n'choopsa kuposa choyeracho. Apa chala chimauza munthu zambiri kuposa diso: mucocele imabonyoka, khansa imalimba ndipo imakhala ngati yamatirira ku mnofu wapansi. Zizindikiro zina ndi dzanzi pamlomo kapena pachibwano popanda chifukwa, mano ogwedera okha, kutuluka magazi mukangokhudza, ndi mbulu wolimba m'khosi. M'kati mwa kamwa, malo amene imakonda ndi m'mbali mwa lilime ndi pansi pa lilime. Fodya ndi mowa ndiye zoyambitsa zazikulu, ndipo zikaphatikizana ngozi imakula kwambiri kuposa chilichonse pachokha. Fodya wopera amene agogo ena amaika pakati pa mlomo ndi nkhama nayenso ndi woopsa. Amasiya chigamba choyera chamakwinya pamalo pomwe amakhala, ndipo malo amenewo ndi ofunika kuwayang'anitsitsa.

Kunja kwa mlomo wam'munsi mdani wamkulu ndi dzuwa. Abale athu achialubino ndi amene ali pangozi yaikulu, popeza khungu lawo lilibe chowatchinjiriza ku cheza cha dzuwa, ndipo ambiri amagwira ntchito kumunda tsiku lonse. Mlomo wouma, wosweka, wa nkhanambo zosatha, suyenera kungopakidwa Vaseline chaka ndi chaka. Chipewa cha khonde lalikulu ndi mafuta oteteza ku dzuwa, opakidwa ndi pamilomo pomwe, zimapulumutsa moyo, ndipo kachilonda kalikonse kosapola kaonetsedwe msanga.

Kudziyang'ana ndi kupita kuchipatala

Sambani m'manja, imani pagalasi pamalo owala kapena muyatse tochi ya foni. Pindani mlomo ndi zala ziwiri, muupukute, muone ngati chotupacho n'chimodzi kapena n'zambiri, chosalala kapena chokhakhala, chotseka kapena chatseguka kukhala chilonda. Kenako chigwireni pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, china m'kati china kunja, mumve ngati chikubonyoka, chikuyenda, kapena chalimba n'kumatirira. Yang'anani m'masaya, m'mbali mwa lilime, pansi pake ndi kumwamba, ndipo papasani pansi pa chibwano ndi m'khosi. Chijambuleni ndi foni, mubwerezenso pakatha sabata muli pamalo owala chimodzimodzi. Maso oona chinthu tsiku ndi tsiku sazindikira kuti chikukula, koma zithunzi ziwiri zimaonetsa poyera, ndipo zimathandiza dokotala ngati thuzalo laphulika tsiku loti mupite lisanafike.

Madokotala a mano ambiri amagwiritsa ntchito malire a masabata 2: chilichonse m'kamwa chimene sichinathe kapena kuchepa moonekeratu pofika pamenepo chikaonedwe. Ku Britain malangizo a NICE, bungwe lolangiza za chithandizo cha kuchipatala, amati chilonda cha m'kamwa chosadziwika chiyambi chikapitirira masabata 3, munthu atumizidwe msanga kwa katswiri. Malire amenewa ndi a chotupa chooneka chosaopsa. Ngati n'cholimba, chapepo, chikukula mofulumira, chikutuluka magazi, chili pamlomo wam'mwamba, chabwera ndi mwanabere kapena dzanzi, kapena mukudziwa kuti munagonana mosadziteteza masabata apitawa, palibe chodikirira. Chimodzimodzi ngati mumasuta, mumamwa kwambiri, muli ndi HIV, kapena mwapitirira zaka 40 ndipo simunakhalepo ndi chotupa chotere.

Ambiri saganiza zopita kwa a mano ngati dzino silikupweteka, koma iwowo ndi amene amaona m'kamwa mwa anthu tsiku lililonse. Zipatala za m'maboma zili ndi gawo la mano, ndipo zofuna ukatswiri amazitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth Central ku Blantyre, Mzuzu Central kapena Zomba Central. Madokotala a mano akadali ochepa m'dziko muno, ngakhale kuti kuyambira mu 2019 anayamba kuphunzitsidwa konkuno ku College of Medicine, yomwe tsopano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Kuchepa kwawoko kumatanthauza kuti mwina muyamba mwaonana ndi kiliniko ofesala amene ali ndi mzere wautali panja, ndiye fotokozani mwachindunji: chinayamba liti, chimaphwa kapena ayi, mwapakapo chiyani, mumasuta kapena kumwa, ndiponso za kugonana ngati zikukhudzapo. Mukapatsidwa mankhwala opha tizilombo n'kumaliza koma chotupa chili chomwecho, bwererani mukapemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu, musayambenso mtundu wina wa mapiritsi.

Dokotala akanena kuti adulapo kachidutswa kuti akayeze kulabotale, musachite mantha, ndipo musamvere zoti kucheka chotupa kumachititsa khansa kufalikira. Kuyeza kachidutswako ndi njira yokhayo yodziwira motsimikiza, ndipo ngakhale mucocele yooneka wamba ikachotsedwa iyenera kutumizidwa kukayezedwa, chifukwa zotupa zina za tiziwalo ta malovu zimafanana nayo kwambiri. Zotsatira zimatha kutenga masabata. Musanachoke funsani tsiku ndi chipinda chodzatengera, onetsetsani kuti zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala, ndipo mudzapite kukazitenga ngakhale mlomo utapola bwinobwino.